Mwana Wathu Wasankhidwa Kupita ku Yunivesite

Chaka chilichonse maina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, m'midzi ingapo ya kunsi kwa phiri kuno mumamveka nthungululu. Mwina ndi mwana mmodzi ku Golomoti, aŵiri ku Mtakataka, wina kufupi ndi mishoni ya Mua. Makolo agulitsa mbuzi kapena thumba la mpunga, mphakati usonkha kangachepe, ndipo tsiku lonyamuka tonse timperekeza mwanayo kumseu wa tala. Tisanamkweze basi, ndi bwino tikhale pansi tikumbukire kumene njira imeneyi inachokera, pakuti ana athu sali oyamba kuiyenda.

Ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua m'chaka cha 1902, m'dziko la Inkosi Kachindamoto. Sukulu zimene anatsegula m'midzi zinali za udzu, zophunzitsa kuŵerenga, kulemba ndi katekisimu. Koma mwa ana amene anakhala pansi pa madenga amenewo munatuluka Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua konkuno, wobadwa m'chaka cha 1909. Masiku amenewo m'dziko muno munalibe seminale yaikulu, popeza ya Kachebere inatsegulidwa m'chaka cha 1939. Tsono mnyamatayo anapita kutali ku Kipalapala, m'dziko la Tanganyika, kukakhala pakati pa anthu a chilankhulo china ndi kuphunzira m'Chilatini. Anabwerako, nadzozedwa unsembe m'chaka cha 1937, woyamba mwa ana a dziko lino. M'chaka cha 1957 anadzozedwa uepiskopi, naŵeta nkhosa za Dedza kufikira imfa yake m'chaka cha 1984. Maphunziro anamtengera kutali, koma anabwera nawo kwa anthu amene anamtuma.

Yunivesite ya Malaŵi inabadwa pamodzi ndi ufulu wa dziko. Lamulo loikhazikitsa linaperekedwa m'chaka cha 1964, ndipo m'chaka cha 1965 ophunzira 90 okha ndiwo anayamba maphunziro ku Chichiri mu Blantyre, m'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni anayi. Pambuyo pake panadza Bunda ya zaulimi, Polytechnic ya zaumisiri, Soche Hill ya aphunzitsi ndi sukulu ya ku Mpemba ya oyendetsa ntchito za boma. M'chaka cha 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga, patsinde pa phiri la Zomba. Khomo linali lopapatiza kwambiri, ndipo wolowapo ankadziŵa kuti anzake ambiri anzeru ngati iye atsala kunja.

Kwa mwana wochokera kumudzi, moyo wa pa koleji unali wodabwitsa. Panalibe belu lomdzutsa, panalibe mphunzitsi womkalipira akajomba. Boma linkamdyetsa katatu pa tsiku, kumpatsa chipinda ndi kandalama kogulira mabuku. Nyumba ya mabuku inali ndi mabuku ochuluka koposa amene mudzi wake wonse unaonapo. Ophunzira akale ankawaseka atsopano ndi kuwapatsa maina onyoza, monga amachitira anamwali akale kwa ongolowa kumene, ndipo nthaŵi zina maseŵerawo ankasanduka nkhanza. Ufulu umenewu unakweza ena, unagwetsanso ena. Amene anatha ndalama ya mabuku ku moŵa anachotsedwa mayeso atawakanika, nabwerera kumudzi ndi sutukesi yokha.

Koma ufuluwo unali ndi malire ake. M'nthaŵi ya chipani chimodzi, lamulo la chaka cha 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Mabuku ena anali oletsedwa. Wophunzira ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanalankhule, poopa kuti mnzake wa pa benchi angakhale kazitape. Ngakhale zinali choncho, m'chaka cha 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena anayambitsa kagulu ka alembi, kamene kankakumana madzulo kuŵerengerana ndakatulo ndi nthano. Anaphunzira kunena zoona mophiphiritsa, monga makolo athu ankachitira m'miyambi ndi m'nyimbo za pamtondo. Mmodzi wa iwo, Jack Mapanje, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa nthambi ya Chingerezi, anamangidwa m'chaka cha 1987 nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Wansembe wa ophunzira, Bambo Patrick O'Malley, anali mmodzi wa amene anathandiza kuti dziko lakunja limve za iye.

Tsiku la 8 Marichi 1992, kalata ya Aepiskopi athu inaŵerengedwa m'matchalitchi onse. Inanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kumanga anthu popanda mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linakwiya, ndipo moyo wa Aepiskopi unali pa chiswe. Anthu ambiri akali chete, ophunzira a ku Chancellor College anatuluka kuyenda pa mseu mu Zomba kuonetsa kuti ali pambuyo pa kalatayo. Koleji inatsekedwa, ana anabwezedwa kwao osadziŵa ngati adzaloledwanso kubwerera. Ambiri mwa iwo anali ana a alimi, ndipo malo amene anawaika pangozi ndiwo anali chiyembekezo chokha cha mabanja awo. Pa 14 Juni 1993 Amalaŵi anavota kuti m'dziko mukhale zipani zambiri. M'chaka cha 2011 nkhani ya ufulu wophunzitsa inabukanso, apolisi atafunsa mafunso mphunzitsi Blessings Chinsinga chifukwa cha zimene ananena m'kalasi, ndipo maphunziro anaima miyezi yambiri.

Lero zinthu zasintha. Bunda inaima payokha nikhala yunivesite ya zaulimi, ndipo m'chaka cha 2021 makoleji otsala anagaŵikana kukhala mayunivesite atatu. Eklezia nayenso anatsegula yunivesite yake ku Nguludi m'chaka cha 2006. Malo achuluka, koma chakudya chaulere chija chinatha. Wophunzira wosauka amadalira ngongole ya boma, ambiri amachita lendi m'tizipinda ta kunja kwa koleji, ndipo alipo amene amalowa m'kalasi ndi njala. Pamenepa pali mayesero aakulu, makamaka kwa atsikana, amene amuna a ndalama amawadikirira pa chipata. Inkosi Theresa Kachindamoto, imene inagwira ntchito zaka zambiri mu Zomba isanalongedwe ufumu m'chaka cha 2003, inathetsa maukwati ambiri a ana nkuwabweza ku sukulu. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti mtsikana amene tinamlanditsa ku ukwati ali wamng'ono tikamtaye ku yunivesite chifukwa cha mbale ya nsima.

Nanga mbiri imeneyi ikutiuza chiyani? Kwa inu ana amene mwasankhidwa, tikuti kusankhidwa ndi kutumidwa. Mukapeza anzanu ochokera m'mizinda, olankhula Chingerezi chothamanga, ovala bwino. Musachite manyazi ndi Mtakataka, pakuti Ambuye Chitsulo anachokera m'fumbi lomweli. Dekhani, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Funani anzanu opemphera nawo sabata yoyamba yomwe, musanasoŵe pogwira. Ŵerengani kwambiri, funsani mafunso osaopa, ndipo chaka chamaŵa, atsopano akadzafika, mudzawalandire monga munafunira kuti akulandireni inu. Tsiku likadzafika loti chilungamo chisoŵe wochinenera, kumbukirani ophunzira a 1992.

Kwa ife makolo ndi akhristu a m'miphakati, ntchito siithera pa nthungululu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisangosonkha tsiku lonyamuka lokha. Tizimfunsa mwanayo pakati pa chaka ngati akudya, ngati lendi yalipiridwa, ngati akupita ku Misa. Akabwera ku tchuthi ali ndi maganizo achilendo, tisafulumire kunena kuti sukulu yamuononga. Timvetsere, pakuti tinamtuma dala kukatenga zimene ife tilibe. Ndipo akadzamaliza, tidzamuonetse sukulu za kwathu kuno zosoŵa aphunzitsi ndi chipatala cha Mua chodikira madokotala, kuti adziŵe kuti malo ake alipo.