ZIMBABWE: Nthawi imene wodwala amayenera kusamalidwa kunyumba

HARARE - Ntchito yosamalira odwala kunyumba inafala m'makomboni a mzinda wa Harare, monga Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Tafara, m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anadzaza zipatala. Bungwe la Island Hospice linali litayamba kale mu 1979 kuthandiza odwala matenda osachiritsika ndi mabanja awo. Mu 2004 boma linatulutsa ndondomeko yoyendetsera ntchitoyi, ndipo chaka chomwecho zipatala za boma zinayamba kupereka ma ARV. Mankhwalawa anadzutsa ambiri amene anali gonire, kotero kuti masiku ano osamalidwa kunyumba ambiri ndi odwala khansa, ofa ziwalo ndi okalamba.

Posankha ngati munthu asamalidwe kunyumba, anamwino amayang'ana zinthu zitatu.

Choyamba ndi mphamvu za wodwalayo. Ngati sangathe kusamba, kudya, kupita kuchimbudzi kapena kumwa mankhwala payekha, kapena amagona pamphasa nthawi yoposa theka la tsiku, akufunika womusamalira. Izi zimakhudzanso amene madokotala aona kuti chimene chatsala ndi kumuchepetsera ululu.

Chachiwiri ndi mmene zinthu zilili pakhomo. M'makomboniwa banja lonse limatha kukhala m'chipinda chimodzi cha lendi, ndipo madzi a m'mipopi amasowa kawirikawiri. Payenera kukhala munthu wamkulu wopezeka tsiku lonse, chakudya, sopo, magolovesi ndi madzi aukhondo. Kawirikawiri mtolowu umagwera amayi ndi agogo, ndipo pena atsikana amasiyira sukulu panjira. Ngati womusamalira yekhayo ndi mwana, pakhomopo sipanakonzeke.

Chachitatu ndi kulumikizana ndi chipatala. Wodwala ayenera kudziwika kuchipatala chaching'ono cha khonsolo ya mzinda cha m'dera lake, kumene amalandira mankhwala ndi kalata yomutumiza ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central akafooka.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira pakhomo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amene ali ndi kachilombo ka HIV wadwala mwakayakaya ngati akupuma maulendo 30 kapena kuposa pa mphindi, mtima ukugunda maulendo 120 kapena kuposa, kapena sakutha kuyenda popanda womugwira. Wotereyu, pamodzi ndi wosokonezeka mutu mwadzidzidzi kapena wotsegula m'mimba kwambiri, apititsidwe kuchipatala tsiku lomwelo. Wotsokomola kwa nthawi yaitali ayezedwe chifuwa chachikulu asanapatsire ogona nawo chipinda chimodzi.