Mau Ogona m'Bokosi: Mbiri ya Tepi ndi Kaseti ku Kafue

M'nyumba zambiri za ku Kafue Estates muli mabokosi amene satsegulidwa kawiri-kawiri. Pansi pa zikalata ndi zithunzi zosuluka mupezeka makaseti, ena olembedwa dzina la woimba, ena tsiku la ukwati kapena la maliro. Eni ace, amene ambiri a iwo anakalambira m'mafakitale a mzindawu, sawataya, pakuti awakumbutsa masiku amene nchito inalipo ndi abale anali amoyo. Koma wailesi yoimbira makasetiwo inafa kale. Nkhani ino ilongosola kumene tepi inacokera, umo inafikira m'manja mwa anthu a nchito, ndi cifukwa cace mau ali m'mabokosiwo ali pafupi kutayika.

Tepi ndi kacingwe kopyapyala ka pulasitiki, kopakidwa mbali imodzi fumbi losalala la citsulo la mtundu wa dzimbiri. Munthu akalankhula pa maikolofoni, mau ace asanduka mphamvu ya magetsi, ndipo mphamvuyo ifika pa kacitsulo kochedwa mutu, pamene tepi ikhudza popita. Mutuwo ucita ngati maginito, nusiya m'fumbi muja cizindikiro cosaoneka ndi maso. Poimba, tepi ipitanso pamutu, ndipo cizindikiro cija cibwerera kukhala mau. Cimbale ca galamafoni cikadindidwa cathera pomwepo, koma tepi munthu akhoza kuifafaniza ndi kujambulapo zina, kapena kuidula ndi lumo ndi kuilumikizanso.

Nzeru imeneyi inabadwira ku Germany. M'caka ca 1928 Fritz Pfleumer anapaka fumbi la citsulo pa kacingwe ka pepala, ndipo mu 1935 kampani ya AEG inaonetsa ku Berlin makina ochedwa Magnetophon. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mu 1945, makina otere anafalikira ku America ndi ku England. Anali olemera ndi a mtengo wapatali, okhala ndi magudumu awiri poyera, tepi icoka ku lina kunka ku linzace. Okhoza kuwagula anali a nyumba za wailesi ndi makampani a nyimbo.

Kuno ku Zambia, limene pa nthawiyo linali Northern Rhodesia, wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau mu 1941, ndipo amene anailimbikira anali Harry Franklin. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kogulidwa ndi mapaundi 5, kotero kuti ngakhale munthu wa m'komboni anakhoza kukhala nako. Omvera atacuruka anafuna nyimbo za kwao. Cotero m'zaka za m'ma 1950 anchito a Central African Broadcasting Station anayenda m'midzi ndi m'makomboni a ku migodi kujambula oimba. Wodziwika koposa mwa iwo anali Alick Nkhata, woimba gitala, amene atabwera ku nkhondo anayamba wagwira nchito ndi Hugh Tracey. Tracey uja anakhazikitsa mu 1954 nyumba yosungira nyimbo yochedwa International Library of African Music ku South Africa, najambula oimba a dziko lino mu 1957 ndi a ku Nyasaland mu 1958. Nyimbozo zimveka kufikira lero cifukwa panali anthu olembedwa nchito ya kusamala matepi ace. Koma pa masiku amenewo munthu wamba anali kungoimba cabe. Makina anali a eni ace, ndipo galimoto ikacoka, mau ace anacoka nayo pamodzi.

Cimene cinasintha zinthu ndi kaseti. Mu 1963 kampani ya Philips ya ku Holland inaonetsa ku Berlin kabokosi kakang'ono kotsekera magudumu awiri aja m'kati. Mtsogoleri wa amisiri ace, Lou Ottens, anasema kathabwa kolowa m'thumba la jekete, nalamula kuti makina oimbira asapose pamenepo. Philips inalola makampani ena kupanga makaseti a msinkhu womwewo osalipira, ndipo cifukwa ca ici kaseti yogulidwa kulikonse inalowa m'makina a kampani iri yonse. Yolembedwa C60 inatenga mphindi 30 mbali imodzi, ya C90 mphindi 45.

Kaseti inafika m'dziko lino pa nthawi yomwe Kafue anali kumangidwa. Kale malowa, amene ali mamailosi osakwana 30 kumwera kwa Lusaka, anali kasiteshoni ka njanje pafupi ndi mlatho womangidwa mu 1906. Ufulu utabwera mu 1964, Boma linasankha Kafue kukhala mzinda wa mafakitale, pansi pa bungwe lace la INDECO. Kunamangidwa fakitale ya nsaru ya Kafue Textiles, ndipo mu 1970 inatsegulidwa Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza wa alimi ndi mankhwala opangira zophulitsira miyala ku migodi. Nyumba za ku Estates, zimene mapulani ace anajambula ndi a kampani ya Doxiadis ya ku Greece, zinamangidwira anchito amenewa. Anacokera m'zigawo zonse, ena kum'mawa, ena ku migodi, ena kumwera, ndipo aliyense anasiya abale kutali. Munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, atagula bedi ndi mipando, maso ace anali pa wailesi, ndipo zaka zitapita wailesi yofunika inali ya kaseti.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 ziri zonse zomveka pa wailesi zikhale za m'dziko lino. Anyamata a magitala, monga gulu la WITCH, Rikki Ililonga, Keith Mlevhu ndi Paul Ngozi ndi Ngozi Family yace, anachuka ndi nyimbo zochedwa Zamrock. Nyimbozo zinayamba kujambulidwa pa tepi yaikuru ya m'situdiyo, ndipo pambuyo pace kampani ya Teal ku Ndola inazidinda pa zimbale. Koma mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndarama za kunja zinasowa, ndipo cimbale cinasanduka cinthu ca anthu opeza bwino. M'zaka za m'ma 1980, pamene kalindula wa P. K. Chishala, Amayenge ndi Serenje Kalindula Band anagwira mitima ya anthu, kaseti ndiyo inamfikitsa m'mabawa, m'mabasi ndi m'makhonde a nyumba.

Apa panali ubwino ndi kuipa komwe. Wailesi ya makomo awiri inakhoza kukopera kaseti imodzi pa zinzace khumi, kotero kuti wosauka sanamanidwe nyimbo. Koma woimba anabzala, ena nakolola. Makaseti okopera anadzaza m'misika, oimba ambiri anafa osauka, ndipo pamapeto pace fakitale ya zimbale ija inatsekedwa. Lamulo latsopano loteteza nchito za oimba ndi olemba linakhazikitsidwa mu 1994, zinthu zitaonongeka kale.

Komabe mphatso yaikuru ya kaseti inali kabatani kofiira kojambulira. Kwa nthawi yoyamba wowomba nsaru kapena wokonza makina anakhoza kusunga mau a m'nyumba mwace osapempha cilolezo kwa munthu. Makwaya a mipingo anajambula nyimbo zao kuti aphunzire. Ena anajambula malangizo a ankhoswe pa ukwati, ena nthano za agogo obwera kudzaceza kucokera kumudzi, ena mpira woulutsidwa ndi Dennis Liwewe. Kasetiyo inafuna cisamaliro ngati ciweto. Poopa kutha mabatire anaibweza ndi bolopeni, akuizunguza m'mwamba. Makina akaitafuna, anaisolola pang'ono-pang'ono, naiwongola ndi cala, nalumikiza poduka ndi selotepi. Yoiwalidwa padzuwa inapindika, ndipo woimba anamveka ngati woledzera.

Nthawi ya kaseti inatha pamodzi ndi nthawi ya mafakitale. M'zaka za m'ma 1990 nchito inacepa ku Kafue, ndipo pambuyo pa caka ca 2000 fakitale ya nsaru inaleka kuomba. Ma CD, amene anayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1982, anafika m'misika ya kuno, ndipo pambuyo pao anadza mafoni osunga nyimbo zikwi. Masiku ano acinyamata ena ku Ulaya ndi ku America ayambanso kugula makaseti, ati akonda kugwira nyimbo m'manja ndi kumva kaphokoso ka tepi kaja. Cimeneco ncosangalatsa, koma sicipulumutsa mau akale.

Cimene cinacitikira Zamrock ciphunzitsa kanthu. Pamene kampani ya Now-Again ya ku America inayamba kuturutsanso nyimbozo, matepi oyamba a nyimbo zambiri sanapezeke, ndipo zina anazitenga pa zimbale zakale zimene anthu anasunga. Zinapulumuka cifukwa cimbale cinadindidwa mazana-mazana. Koma kaseti ya kwaya ya ku Estates, kapena ya nkhalamba yochula maina a makolo ace, iripo imodzi yokha pa dziko lonse. Ikaonongeka, palibe kwina kokafunsa.

Adani ace ali atatu. Woyamba ndi kutentha kwa mwezi wa October pansi pa malata. Waciwiri ndi cinyezi ca dzinja, cimene sicisowa m'mzinda wa m'mbali mwa mtsinje ndi madambo, ndipo cimeretsa cuku pa tepi. Wacitatu, woopsa koposa, ndi kusowa kwa makina. Malamba a mphira a m'kati mwa wailesi afumbwa ngakhale wailesiyo isagwire nchito, ndipo amisiri odziwa kuikonza acepa caka ndi caka. Mu 2019 bungwe la UNESCO pamodzi ndi la osunga mau la IASA anacenjeza dziko lonse kuti cifukwa ca kusowa kwa makina ndi zitsulo zace, kuimba matepi akale kudzakhala kobvuta kwambiri pofika 2025. Tepi ingakhale yamoyo, koma popanda coimbira iri ngati kalata m'mudzi mopanda wodziwa kuwerenga.

Cocita ciripo, ndipo sicifuna ndarama zambiri. Mwini makaseti awaimike ciriri pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi masipika, pakuti maginito ace afafaniza mau. Athyole timano tiwiri ta pamwamba pa kaseti, kuti wina asajambulepo mosadziwa. Afunefune wailesi imene ikali kugwira nchito, aiyese poyamba ndi kaseti yopanda pace, ndipo ikapanda kutafuna, mwana wodziwa kompyuta ailumikize ndi nthambo ndi kukopera mauwo. Zokoperazo zisungidwe m'malo awiri kapena atatu, kwa abale osiyana.

Ndipo nchitoyi icitike akuru akali moyo. Kompyuta ikhoza kukopera liu, koma siidziwa mwini wace. Ndi mai wokalamba yekha amene angamve nyimbo ya maliro a mu 1986 ndi kunena kuti wotsogolayo anali uje, wothira mang'ombe anali mlongo wace, ndipo malirowo anali a wakuti. Mainawo alembedwe pamodzi ndi caka ndi malo. Makolo anati mau a akuru akoma akagonera. A m'mabokosi a ku Kafue Estates agonera zaka makumi atatu ndi mphambu, ndipo adzukulu amene sanaone nkhope za eni ace akhoza kuwamvabe, ngati bokosi litsegulidwa mvula ina isanagwe.