Njira ndi ya Oyenda: Mbiri ya Tinjira Todutsa M'minda ya Eni ku Mchinji

Zidzukulu zanga, ndi inu nonse okonda miyambo ya makolo, lero tikambe za njira. Sindikunena msewu wa tala wochokera ku Lilongwe kupita kuchipata cha Mwami ayi, koma tinjira ta mapazi, ta njinga ndi ta ngolo, timene timachoka pamudzi kupita kudambo, kuchigayo, kumanda kapena kusukulu. Milandu yambiri ya malo imene mafumu akuweruza masiku ano mutu wake ndi umodzi: kodi mwini munda angatseke njira imene anthu akhala akuyendamo chiyambire?

Makolo athu funso limeneli sankalidziwa. Malo anali m'manja mwa mfumu, ndipo banja linkapatsidwa pogwira khasu. Chimanga cha m'mundamo chinali cha wolima, koma njira yodutsa m'mphepete mwake inali ya mudzi wonse. Mvula ikatha, nyakwawa inkamema anthu kuti akalambule njira, ndipo wojomba popanda chifukwa ankalipa nkhuku. Njira inalinso ndi chilankhulo chake. Otsogola paulendo akafika pamphambano ankaika nthambi yaiwisi panjira yosayenera, kuti obwera m'mbuyo asasochere. Masamba oyalidwa pamsewu ankauza wodutsa kuti pamudzi pagwa zovuta, ndipo mpaka lero wapanjinga amatsika, wachipewa n'kuvula. Njira imodzi yokha ndiyo inali yoletsedwa kwa osameta: ya kudambwe. Koma ngakhale chiletso chimenecho chinali cha mudzi, osati cha munthu mmodzi.

Zinthu zinayamba kusintha atafika azungu. Mu Januwale 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo dera lathu linayamba kulamulidwa kuchokera ku Fort Manning, pomwe tsidya linalo linapatsidwa kwa boma la ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata. Malire anatsata mtunda umene umagawa madzi, ena kutsikira ku Luangwa, ena kulowa mu Bua. Mzere umenewo unadula tinjira tolumikiza abale a mtundu umodzi, Achewa ndi Angoni omwe. Koma madzi saiwala khwawa. Kufikira lero anthu amadutsa m'tinjira timeneti popita kumaliro, kuchinkhoswe kapena ku Nc'wala, ngakhale kuti mu 2022 maboma awiriwa anatsegula chipata chamakono cha Mwami ndi Mchinji.

Mpanda weniweni unadza ndi fodya. Lamulo la malo la mu 1965 linagawa dziko patatu: malo a boma, malo a eni ndi malo a makolo. Linapatsanso nduna mphamvu yopereka lizi pa malo a makolo. Popeza nthawi imeneyo fodya wa bale ndi wa m'mabalani ankaloledwa kwa eni esiteti okha, aliyense wofuna phindu lake anathamangira kukatenga lizi, ena ya zaka 21, ena ya zaka 99. Pofika mu 1989 maesiteti m'dziko muno anali ataposa 14,000, ndipo Mchinji ndi Kasungu anali m'gulu la maboma amene anatenga gawo lalikulu. Opima malo ankazika miyala ya simenti m'ngodya za esiteti, koma tinjira ta amayi opita kukatunga madzi sitinkalembedwa pa mapu. Mudzi unkangodzuka n'kupeza mlonda ataima pamene dzulo panali podutsa.

Eni esiteti nawonso anali ndi zifukwa zawo. Ankaopa moto pa zigafa zodzaza ndi fodya wouma, ankaopa akuba, ndiponso misewu ya mathirakitala anailambula ndi ndalama zawo. Nzeru za akuluakulu zinkaoneka pamene mbali ziwirizi zinakhala pansi: oyenda pansi ndi maliro azidutsa nthawi iliyonse, ngolo zizipempha, ng'ombe zizidzera m'malire. Kumene kukambirana kotere kunalephereka, ana asukulu ankazungulira mtunda wautali, ndipo waya wa mpanda unkadulidwa usiku.

Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo maesiteti ambiri anayamba kufooka. Ena anagawidwa kwa ana a mwini, ena anagulitsidwa mzidutswa. Mabalani akale a njerwa ena asanduka nyumba zogona kapena mosungira soya ndi mtedza. Apa ndipo pabuka mlandu watsopano. Wogula kachigawo ka pakati amapeza kuti msewu wofika pakhomo pake ukudutsa pa malo a munthu wina. Pamene pankadutsa thirakitala pa nyengo yokolola pokha, tsopano pakudutsa magalimoto tsiku ndi tsiku, ndipo mwini msewu amafunsa kuti akonze ndani zigwembe za dzinja. Vuto lomweli lilinso ku England, kumene nkhokwe zakale za m'mafamu azisandutsa nyumba. Kumeneko lamulo la mu 1832 limati munthu amene wayenda panjira poyera kwa zaka 20, popanda kukakamiza kapena kupempha, akhoza kukhala ndi ufulu wodutsapo.

Kwathu kuno, lamulo la kalembera wa malo la mu 1967 limalola kuti ufulu wodutsa pa malo a mnzako ulembedwe m'kaundula, kotero kuti malowo akagulitsidwa, wogula amalandira ndi njira yomwe. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linabweretsa makomiti a malo pansi pa magulupu, ndipo likulola banja kulembetsa munda wake n'kulandira chikalata. Ubwino wake ndi woonekeratu, koma ngozi yake ndi yomwe ija ya nthawi ya maesiteti: aliyense akalembetsa mpaka pakhonde pa mnzake, njira idzatsala kuti?

Tsono langizo langa kwa inu ndi ili. Opima malo akafika kwanu, kaya ndi kwa Mkanda, kwa Zulu, kwa Mlonyeni kapena kwa Mavwere, yambani mwawaonetsa njira ya kumanda, ya kudambo ndi ya kumjigo, zilowe pa mapu minda isanalembedwe. Mukamagula malo, funsani kuti mudzalowera pati, ndipo yankho lilembedwe pamaso pa mfumu ndi mboni, pakuti safunsa anadya phula. Inu amene njira yadutsa pa malo anu, kumbukirani kuti tsiku lina adzukulu adzakunyamulani kudzera pa malo a eni.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Tsalani bwino, tidzacheza sabata yamawa.