Chilangizo cha Ana a Machona ku Harare

Pamene anthu a ku Nyasalande anayamba kuwoloka Zambezi kukafuna ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero utchedwa Harare, anasiya kumudzi atsibweni, agogo ndi anamkungwi, amene mwa mwambo wa makolo ndiwo anali kulera ndi kulanga ana. Ndipo popeza oyamba kupita anali amuna okhaokha, ogona m'makomboni ndi m'lokesheni ya Harari, imene lero itchedwa Mbare, kusowa kumeneku sikunaoneke msanga. Ngakhale Mbusa T.C.B. Vlok, amene anachokera ku Nkhoma nafika ku Salisbury mu 1912, anapeza nkhosa zambiri zili anyamata a ntchito, osati makanda.

Koma machona atakwatira, nabala ana ku Highfield, ku Mufakose ndi ku Mabvuku, funso linabuka lakuti adzaongola ana amenewa ndani, pakuti m'mera mpoyamba. Ena anawapereka ku dambwe, ndipo ng'oma za gule wamkulu, amene Ashona amutcha zvigure, zinamveka m'malokesheni pa masiku opumula. Koma Eklesia, pokana njira imeneyo, anayenera kupereka ina m'malo mwake. Chotero Sande sukulu ndi kalasi zinakhazikika, ndipo chilangizo, chimene a ku Nkhoma anakonza kuti chilowe m'malo mwa chinamwali, chinatsata anthu ake kufikira kuchilendo. Mtsikana akatha msinkhu, alangizi, amayi okhwima a Chigwirizano, anali kukhala naye pamphasa m'kanyumba ka lokesheni, nayamba ndi pemphero, namuuza za ukhondo, za ulemu kwa akulu ndi za kudzisunga. Anyamata nawonso anali ndi akulu a mpingo owalangiza. Anansi awo a Methodist anachita chimodzimodzi mwa amayi a Ruwadzano ndi magulu a atsikana ndi anyamata, ndipo pamene Sinodi ya Salisbury inakhazikitsidwa m'CCAP mu 1965, ntchito ya achinyamata inali itazika kale mizu.

Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980, zidzukulu za machona zinakula zikulankhula Chishona kuposa Chichewa, kotero kuti makwaya, misonkhano ya chitsitsimutso ndi masewero a mpira zinasanduka malo amene mwana anali kumvako chinenero cha agogo ake. Pambuyo pake Edzi inadzaza nyumba ndi ana amasiye. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo a 2013 atawabwezera ufulu wawo. Ndipo mu 2005 ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina inagwetsa nyumba zawo. M'masautso onsewa mlangizi anasenza katundu watsopano: kufunafuna fizi, kuchenjeza za mankhwala ozunguza bongo, ndi kuperekeza mwana kukatenga chitupa.

Chinenero chasintha, maphunziro asinthanso, koma maziko ndi omwe aja a makolo, akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mpingo umene usiya kutuma akulu ake kukakhala pansi ndi ana, ngakhale umange tchalitchi chachikulu chotani, udzasowa wodzalowamo.