Gulugufe wa a Fabre ndi fungo losachedwa kufufutika

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munkasinza tikafika pa mutu wa ma enzyme, imvani iyi.

Jean-Henri Fabre wa ku France, yemwenso anali mphunzitsi, anatsekera gulugufe wausiku wamkazi m'kakhola. Usiku womwewo amphongo pafupifupi 40 analowa m'nyumba. Anaitanidwa ndi chiyani?

Yankho linadza mu 1959. Adolf Butenandt wa ku Germany, atagwiritsa ntchito agulugufe a silika aakazi pafupifupi 500,000, anapeza mankhwala a fungo loitana amphongo, nawatcha bombykol.

Koma panatsala vuto. Fungo likakanirira pa tinyanga ta wamphongo, angadziwe bwanji kuti wasochera? Mu 1981, Richard Vogt ndi Lynn Riddiford ku America anapeza enzyme ya mtundu wa esterase m'tinyanga ta gulugufe wotchedwa Antheraea polyphemus. Imaphwanya fungolo sekondi isanathe, tinyanga n'kukhala tokonzeka kumva latsopano. Popanda kufufuta kumeneku, wamphongo sangalondole njira.

Choncho mukaona msampha wa fungo wogwira agulugufe a mbozi m'munda wa chimanga, kumbukirani kuti nkhaniyi inayambira pa kakhola ka mphunzitsi mnzathu.