Wapolisi amene anagwetsa New Zealand

M'tawuni ya Kafue, ku Zambia, muli mawu amene amabwerezedwa anthu akamakambirana za masewera a atsikana. Amati azungu amapambana chifukwa wosewera kwawo amabadwira m'ndalama: bwalo lilipo, dokotala alipo, malipiro amalowa mwezi ndi mwezi. Ine mawuwa ndimawakayikira. Mbiri ya Niamh Briggs, mayi amene ankasewera kumbuyo kwenikweni m'timu ya rugby ya dziko la Ireland, ikufanana kwambiri ndi ya anthu amene ankaweruka pafakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals n'kuthamangira kubwalo asanafike ndi kunyumba komwe.

Chiyambi cha rugby ya amayi ku Ireland n'chachifupi kuchifotokoza. Mu 1887, mtsikana wina dzina lake Emily Valentine analowa m'bwalo pasukulu ya Portora Royal ku Enniskillen chifukwa anyamata anaperewera. Kenako kunangoti zii kwa zaka zoposa 100. Timu ya dziko inasewera koyamba pa 14 Febuluwale 1993 mumzinda wa Edinburgh, ndipo Scotland inapambana 10-0. Amayiwo ankayendetsa okha zinthu zawo, mpaka mu 2008 pamene analowa kwathunthu m'bungwe lalikulu la rugby m'dzikolo.

Chaka chomwecho ndi chimene Briggs anavala koyamba yunifolomu yobiriwira. Anabadwa mu 1984 ndipo anakulira kufupi ndi Dungarvan m'chigawo cha Waterford, kumene ankasewera mpira wachikhalidwe wa ku Ireland wotchedwa Gaelic. Rugby anaiyamba atakula kale, ali pakoleji. Mwendo umene unazolowera kumenya mpira wa kwawo ndi umene unam'patsa dzina. Koma chakudya sichinkachokera kumeneko. Briggs anali wapolisi mumzinda wa Limerick. Anzake ena anali aphunzitsi, ena ophunzira, ndipo aliyense ankayenera kupempha tchuthi kuntchito kuti akaimire dziko lake.

Anthu a ku Kafue akudziwa bwino kuti masewera a munthu wantchito amadalira pageti. Nitrogen Chemicals itayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo makina a Kafue Textiles akulira usana ndi usiku, fakitale inkapereka basi, nsapato ndi chilolezo chochoka pashifiti. Timu ya mpira wa miyendo ya Nitrogen Stars inabadwa motero. Rugby ya m'Zambia nayo yakhala ikutsamira pa migodi ndi asilikali: Mufulira Leopards, Diggers ya ku Kitwe, Red Arrows, Green Buffaloes. Ntchito zitayamba kuchepa m'zaka za m'ma 1990, mabwalo ambiri anamera udzu. Ndipo ngakhale panthawi ya mwanaalirenji ija, basi inkanyamula amuna.

Ku Ireland nakonso mbale ya amayi inkabwera pomalizira. Zinaonekera poyera mu Febuluwale 2012, pa ulendo umene anthu otsatira masewerawa saiwala mpaka lero. Timuyo inkapita kukasewera ndi France mumzinda wa Pau, kummwera kwa dzikolo, kufupi ndi mapiri a Pyrenees. Dongosolo la ulendo linasokonekera ku Paris, ndipo osewera anakwera sitima ya usiku. Taganizirani amayi oposa 20, zikwama zili mbwee, akuyesa kupeza tulo m'tizipinda topanikizika pamene sitima ikugwedezeka m'chisanu cha ku Ulaya. Ulendo wonse unatenga maola pafupifupi 17. Anafika m'mawa wa tsiku lomwelo la masewera, anagona pang'ono, n'kulowa m'bwalo. Anagonja 8-7.

Kusiyana kwa pointi imodzi kumeneko ndi kumene kumandipweteka mtima. Sikuti luso linasowa. Chimene chinalipo ndi chizolowezi chakale choganiza kuti mkazi akamasewera ndiye kuti akungotayitsa nthawi, choncho angathe kupirira chilichonse. Chizolowezi chotere sichikhala mu ofesi imodzi. Chimakhala m'mitu ya ogawa ndalama, ya olemba nkhani ngati ife, ngakhalenso ya makolo. Nkhani ya sitimayo itamveka m'manyuzipepala, anthu anachita manyazi ndipo kayendedwe ka timu kanayamba kusintha.

Zotsatira zake sizinachedwe. Mu 2013, motsogozedwa ndi kaputeni Fiona Coghlan, Ireland inagonjetsa mayiko onse asanu pa mpikisano wa Six Nations, kuphatikizapo England imene inathidzimulidwa 25-0. Masewera omaliza anachitika pa 17 Malichi kufupi ndi Milan, m'matope ndi mvula. Anathera 6-3, ndipo mapointi onse a Ireland anachokera ku mapenate awiri a Briggs.

Tsiku lalikulu linafika pa 5 Ogasiti 2014 ku Marcoussis m'dziko la France, pa mpikisano wa dziko lonse. New Zealand inali itatenga chikhochi kanayi motsatizana ndipo inali isanagonjepo pa mpikisanowu chiyambire 1991. M'chigawo chachiwiri, Briggs anawakha mpira umene adaniwo anamenya, anathamanga nawo kudutsa pakati pawo, n'kuupereka kwa Alison Miller kumanzere. Miller anathamanga m'mphepete mwa mzere mpaka kukaugoneka pakona. Kuchokera pakona yomweyo, pamalo amene omenya ambiri amaphonya, Briggs anaulowetsa pakati pa mitengo. Kenako anawonjezera penate, masewera n'kutha 17-14. Mu 2015 iye ndiye anali kaputeni pamene Ireland inatenganso Six Nations.

Apa ndi pamene ndikuona kuti zinalakwika kachiwiri. Ulemerero unabwera, koma maziko sanamangidwe. Mayiko ena anayamba kulipira osewera awo, pamene Ireland inapitiriza kudalira amayi otopa ndi ntchito za masana. Mu 2017 dzikolo linachititsa mpikisano wa dziko lonse pakhomo pake n'kuthera pa nambala 8. Briggs sanasewere chifukwa chovulala mtsempha wa kuchidendene. Mu 2021 timuyo inalephera n'kupeza komwe malo pa mpikisano wotsatira, itagonja kwa Spain ndi Scotland mumzinda wa Parma.

Kafue yaonetsa kale kuti mwana wa m'tawuni ya mafakitale angafike patali akapeza womugwira dzanja. Wosewera mpira wa miyendo Patson Daka anadzera ku Kafue Celtic asanapite ku Salzburg ndi Leicester. Mtsikana wa m'komboni yomweyo akufunika zinthu zomwezo: bwalo lotchetcha, ndalama ya basi, ndi bwana wovomera kusaina tchuthi Lachisanu.

Ku Ireland makontirakiti oyamba a osewera aakazi a timu ya anthu 15 anabwera mu 2022, Briggs atasiya kale kusewera ndipo ali wothandizira kochi. Mu Seputembala 2024, m'badwo watsopano unagonjetsanso New Zealand 29-27 ku Vancouver, ndipo mu 2025 unafika mu ndime ya matimu 8 pa mpikisano wa dziko lonse ku England, kumene France inawatulutsa 18-13.