Mbiri ya Ngalawa ya Mpikisano Yochedwa Dragon

Lero tileke pang'ono za kumunda, ndikuuzeni mbiri ya ngalawa yaing'ono ya matanga imene anthu a ku Ulaya amapikisana nayo pa nyanja.

M'caka ca 1929 bungwe la eni ngalawa la mu mzinda wa Gothenburg ku Sweden linafuna ngalawa yosakwera mtengo, yoti anyamata angathe kugula. Amene analemba mapangidwe ace ndi Johan Anker, mmisiri wa ku Norway. Utali wace ndi mapazi 29, ndipo pa mpikisano mumakwera anthu atatu.

Inu a kunyanja mudziwa kuti bwato sulimba pamene mwera wakula. Nanga ngalawa iyi, ya mlongoti wautali cotere, ilekeranji kugubuduzika? Cinsinsi cace ciri pansi pa madzi. Kumimba kwace anamangako citsulo colemera makilogalamu 1,000, ndiko kunena matumba 20 a cimanga, pamene ngalawa yonse ilemera 1,700. Mphepo ikakankha thanga, ngalawa imapendekeka, koma citsulo cija cimaibweza kuti iimenso. Ndi comweco cimene cimailetsa kutengedwa cammbali, kotero kuti imatha kupita kumene mphepo ikucokera, pokhotera uku ndi uko.

Panaikidwanso lamulo lakuti ngalawa zonse za mtundu uwu zikhale za muyeso umodzi, kuti wopambana apambane ndi luso lace, osati ndi ndalama zace. Inalowa m'masewera a Olympic mu 1948, ndipo mu 1960 Constantine, mwana wa mfumu ya ku Greece, anapambana nayo ku Naples.

Bvuto linadza pamene anaicotsa m'masewerawo itatha mipikisano ya 1972. Ngalawa za makono zopepuka zinali zitafika, ndipo Dragon ikanatha kuiwalika. Koma mu 1973 amisiri a ku Denmark anayamba kuiumba ndi pulasitiki wolimba m'malo mwa matabwa, nasunga muyeso ndi kulemera kwa kale, kuti mwini ngalawa ya matabwa asataye cuma cace. Cifukwa ca ici, zakale ndi zatsopano zipikisanabe pamodzi kufikira lero.

Mafumu, inu amene mumaweruza za malire a minda, mudziwa bwino kuti muyeso ukakhala umodzi kwa onse, anthu sathawa pa mudzi. Tsalani bwino.